Laputopu yozima yokha: momwe mungadziwire ngati vuto ndi kutentha, ndi zoyenera kuchita

Laputopu imene yazima mwadzidzidzi muli pakati pa ntchito, sikirini n'kungoti bii popanda uthenga uliwonse, nthawi zambiri imakhala kuti sinafe koma yadzipulumutsa. M'kati mwa purosesa, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse yowerengetsa m'kompyuta, muli tizida toyeza kutentha, ndipo opanga mapurosesa anaika malire amene kutenthako sikuyenera kupyola. Pa mapurosesa ambiri a Intel a m'malaputopu malirewo ali pa madigiri 100, ena pa 105, ndipo a AMD sali patali ndi pamenepo. Kutentha kukamayandikira malirewo, purosesa imadzichepetsa yokha liwiro, n'chifukwa chake laputopu yotentha imayamba ndi ulesi, kanema n'kumadodoma, zilembo n'kumatuluka mochedwa. Kuchepetsa liwiroko kukapanda kuthandiza, magetsi amadulidwa nthawi yomweyo, ndipo Windows sipatsidwa ngakhale mpata wosunga zimene mumalemba.

Komabe si kuzima kulikonse kumene kumachokera ku kutentha. Batire lotopa, tchaja yofooka, RAM (timitengo tosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito) yowonongeka, ngakhalenso Windows yeniyeniyo ikamaika zosintha zake, zonsezi zimatha kuzimitsa laputopu m'njira zofanana kwa munthu wongoyang'ana. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mwini laputopu amathamangira kukafomata ndi kuika Windows yatsopano, n'kutaya tsiku lonse pamodzi ndi mafayilo ena, kenako patapita masiku awiri laputopuyo n'kuzimanso monga kale, pakuti fumbi silichoka ndi kufomata. Malangizo ali m'munsimu akuyambira pa zimene sizilira ndalama kapena sikuludiraiva, n'kumapita pang'onopang'ono ku zimene zimafuna kutsegula laputopuyo.

Musanachite china chilichonse, koperani mafayilo anu ofunika pa fulashi kapena pa hadi disiki yakunja. Kuzima kwadzidzidzi kumawononga fayilo imene inali pakati posungidwa, ndipo laputopu ikazima motero kangapo, Windows imatha kukana kuyaka. Chitani zimenezi m'mawa kukadali kozizira, laputopu itangoyatsidwa kumene.

Gawo loyamba: onani kazimidwe kake

Kwa masiku awiri kapena atatu, lembani papepala nthawi iliyonse imene laputopu yazima, zimene mumachita pa nthawiyo, utali wa nthawi imene inali itayaka, ndiponso ngati tchaja inali yolumikiza kapena ayi. Kuzima kwa kutentha kumakhala ndi khalidwe lake. Kumabwera laputopu itagwira ntchito kwakanthawi, makamaka ntchito yolemera monga msonkhano wa pa Zoom, kukonza kanema, masewera, kapena kutsegula masamba ambiri a intaneti nthawi imodzi. Fani imakhala ikulira mwamphamvu, pansi pa laputopu ndi m'mbali motulukira mpweya mumakhala motentha kwambiri, ndipo mukaiyatsanso nthawi yomweyo imakana kapena imazimanso msanga kuposa poyamba, chifukwa kutentha kwakale kumakhala kusanachoke. Ikapuma theka la ola imayaka bwinobwino ngati kuti palibe chinachitika.

Ngati laputopu imazima mukangozula tchaja, kapena imadumpha kuchoka pa 40 peresenti ya batire kufika pa ziro, kutentha kulibe mlandu, ndipo mungadumphire ku gawo la batire. Ngati imazima mukainyamula, mukaigunda pang'ono, kapena mukasuntha sikirini, ganizirani za waya kapena cholumikizira chimene chakhwefuka m'kati. Ngati imaonetsa uthenga pa sikirini ya buluu kapena yakuda n'kuyambiranso yokha, kumeneko si kuzima koma Windows yakumana ndi vuto limene lili ndi dzina lake, ndipo dzinalo liyenera kuwerengedwa. Kuti lisamathawe musanaliwerenge, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, tsegulani Settings ya pansi pa Startup and Recovery, ndipo chotsani chizindikiro pa Automatically restart.

Windows imasunganso kaundula wa zonse zochitika. Dinani batani la Windows ndi R, lembani eventvwr.msc, tsegulani Windows Logs kenako System, sankhani Filter Current Log, ndipo pamalo a nambala lembani 41,86,1074,6008. Nambala 41 ndi 6008 zimangotsimikiza kuti kompyuta inazima mosadutsa m'njira yake, koma sizinena chifukwa, choncho musataye nthawi kufufuza mankhwala a nambala 41 ngati kuti ndi matenda paokha. Nambala 86 ndiyo imanena mwachindunji kuti kompyuta inazimitsidwa chifukwa cha kutentha koopsa, ngakhale kuti siilembedwa nthawi zonse, popeza magetsi akadulidwa ndi purosesa yeniyeniyo Windows imakhala ilibe nthawi yolemba kanthu. Nambala 1074 ndi nkhani ina: ikutanthauza kuti munthu kapena pulogalamu inalamula kuti kompyuta izime, ndipo imatchula pulogalamuyo, imene kawirikawiri imakhala Windows Update.

Gawo lachiwiri: yezani kutentha

Dzanja silingakuuzeni zoona pa nkhaniyi, chifukwa laputopu ya chikuto chachitsulo imamveka yotentha ngakhale purosesa ili bwino, pomwe ya pulasitiki imatha kumveka yofunda chabe m'kati mukuwira. Pali mapulogalamu aulere amene amawerenga tizida toyeza kutentha tija, ndipo odziwika ndi Core Temp, HWMonitor ndi HWiNFO. Atengeni pa mawebusaiti a eni ake okha. Amene mumagwiritsa ntchito Linux, pulogalamu ya lm-sensors imachita zomwezo mukalemba mawu akuti sensors.

Tsegulani pulogalamuyo laputopu itangoyaka, dikirani mphindi khumi osachita kanthu, ndipo lembani nambala imene mukuona. Laputopu yathanzi ikakhala phee imakonda kukhala pakati pa madigiri 40 ndi 60, malingana ndi mtundu wake ndi kutentha kwa m'chipinda. Kenako yambani ntchito imene imakonda kuizimitsa, pulogalamu yoyezayo ili yotsegula pambali, ndipo yang'anirani nambala ya pansi pa mawu akuti Max. Kufika pa 80 kapena 90 pa ntchito yolemera si chachilendo, ndipo malaputopu opyapyala amakono amatha kugunda 95 kwa masekondi ochepa n'kutsikanso. Chodetsa nkhawa ndi laputopu imene ili pa 75 kapena 80 isakuchita chilichonse, kapena imene ikakwera pa 95 imakhazikika pomwepo osatsika mpaka kuzima. Sungani manambala awiriwa, wa pamene ili phee ndi wa pamene ikugwira ntchito, chifukwa ndi amene mudzayerekezere nawo mukamaliza gawo lililonse lotsatira. Ngati laputopu yazima kutentha kuli pa 65 kapena 70, purosesa si imene yaizimitsa.

Malaputopu ena amanena okha. A HP akazima chifukwa cha kutentha amaonetsa uthenga wa nambala 90D poyakanso, ndipo fani ikasiya kuzungulira bwino amaonetsa 90B. A ThinkPad a Lenovo amalemba kuti Fan error n'kukana kupitiriza. Pa Dell, kudina F12 poyatsa n'kusankha Diagnostics kumayesa fani pamodzi ndi zida zina, ndipo pa HP mumadina Esc kenako F2. Mayeso amenewa ali kale m'kati mwa laputopu ndipo safuna intaneti.

Gawo lachitatu: malo amene laputopu imakhalapo

Malaputopu ambiri amakoka mpweya wozizira kudzera m'timabowo ta pansi, n'kutulutsa wotentha m'mbali kapena kumbuyo. Timapazi ta labala tapansipo tinaikidwa kuti pakhale kampata kolowera mpweyawo, ndipo kampatako ndi kakang'ono kwambiri moti bulangete, matiresi, pilo, mpando wa sofa, ngakhale nsalu yokhuthala ya patebulo imakatseka kotheratu. Ikani laputopu pa chinthu cholimba ndi chosalala. Ngati mukufunitsitsa kugwirira ntchito pabedi, thabwa kapena thireyi yatiyi imakwanira. Kukweza kumbuyo kwa laputopu pang'ono, ngakhale ndi zivindikiro ziwiri za mabotolo zoikidwa m'makona, kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira, bola zisatseke timabowo. Timapazi ta labala tikasowa, bwezeretsaninso tina.

Kutentha kwa m'chipinda nako kuli ndi gawo. Opanga malaputopu ambiri, kuphatikizapo Apple, amalemba kuti makina awo azigwiritsidwa ntchito pamalo osapyola madigiri 35. Kuno kwathu, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana mumatentha koposa ngakhale m'madera ena. Fani imaziziritsa ndi mpweya umene yaupeza, choncho mpweyawo ukakhala wotentha kale, laputopu imene inkayenda bwino mu Juni imayamba kuzima mu Okutobala popanda chilichonse chowonongeka. Miyezi yomweyo ndi imene fumbi limachuluka. Ntchito zolemera ndi bwino kuzisiyira m'mawa kapena usiku, ndipo laputopu isakhale pafupi ndi zenera pamene dzuwa likuwomba.

Pali chinthu china chimene chimavutitsa eni malaputopu atsopano. Ambiri mwa malaputopuwa ukatseka chivindikiro sagona tulo tenitenti, amakhala akulumikizanabe ndi intaneti ndi kuchita tina ndi tina, ndipo akaikidwa m'chikwama ali choncho amatentha mpaka kudzizimitsa, batire n'kutheratu. Musanaike laputopu m'chikwama, sankhani Shut down kapena Hibernate, ndipo onetsetsani kuti fani yasiya kulira. Ponena za zoikapo laputopu zokhala ndi mafani zimene zimagulitsidwa m'masitolo, zimatsitsa kutentha pang'ono chabe, ndipo kwa laputopu yotsekeka ndi fumbi m'kati n'zongotaya ndalama. Kuika laputopu yotentha mufiriji n'koopsa, chifukwa ikatuluka m'kati mwake mumachita mame, ndipo madzi ndi magetsi sizigwirizana.

Gawo lachinayi: onani chimene chikuitopetsa

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, kenako dinani pa mutu wakuti CPU kuti mapulogalamu andandalikane kuyambira amene akudya mphamvu zambiri. Laputopu imene simukuigwiritsa ntchito iyenera kuonetsa nambala yotsika. Ngati ili pa 60 kapena 100 peresenti inu mutapinda manja, pali chimene chikugwira ntchito kumbali. Nthawi zina ndi Windows Update, imene imatha yokha mukaipatsa mpata. Nthawi zina ndi maantivayirasi awiri amene akulimbana, ndipo imodzi iyenera kuchotsedwa. Palinso mapulogalamu oipa amene amalowa pamodzi ndi mapulogalamu obedwa, amene amagwiritsa ntchito purosesa yanu kukumba ndalama za pa intaneti za anthu ena, ndipo ena mwa iwo amadziimitsa mukangotsegula Task Manager. Ngati fani imatonthola nthawi iliyonse mukatsegula Task Manager n'kuyambiranso mukaitseka, yendetsani Microsoft Defender Offline scan, imene imafufuza Windows isanayake. Pa tsamba la Startup apps zimitsaninso mapulogalamu amene safunika kuyamba okha.

Pali njira yochepetsera kutentha imene imagwira ntchito tsiku lomwelo. Mapurosesa amakono amadziwonjezera liwiro kupyola la masiku onse akaona ntchito, chimene Intel imachitcha Turbo Boost, ndipo kutentha kwambiri kumachokera pamenepa. Dinani batani la Windows ndi R, lembani powercfg.cpl, sankhani Change plan settings, kenako Change advanced power settings, tsegulani Processor power management, ndipo pa Maximum processor state sinthani 100 kukhala 99, pa batire ndi pa tchaja pomwe. Pa malaputopu ambiri peresenti imodzi yokhayo imaletsa kuwonjezera liwiro kuja, ndipo kutentha kumatsika moonekeratu. Pamene njirayi siikuoneka, pitani ku Settings, System, Power, ndipo pa Power mode sankhani Best power efficiency. Laputopu idzachedwako pa ntchito zolemera. Ine ndimaitenga njirayi ngati ndodo yoyendera pamene mukudikira tsiku lotsuka, ndipo imathandizanso kutsimikiza matenda: kuzima kukasiya mutatsitsa pa 99, n'kutheka kwambiri kuti vuto ndi kutentha.

Gawo lachisanu: fani ndi fumbi

Apa ndi pamene pamagona vuto la malaputopu ambiri amene atha zaka ziwiri kapena zitatu osatsegulidwa, ndipo ndi bwino kumvetsa kaye mmene kuziziritsa kumachitikira. Pamwamba pa purosesa pamakhala kachitsulo kophwatalala ka mkuwa, kolumikizidwa ku paipi yamkuwa yotsekeka mbali zonse. M'paipimo muli timadzi tochepa kwambiri timene timasanduka nthunzi kumbali yotentha, nthunziyo n'kuthamangira kumapeto ena a paipi, kumene kuli timapepala ta chitsulo tondandalikana ngati mano a chipeso. Fani imakankha mpweya kudutsa m'manomo, nthunzi imazizira n'kubwerera ili madzi, ndipo zimazungulira choncho. Fumbi, ubweya wa bulangete ndi tsitsi zimakodwa pakhomo pa mano a chipesowo, mbali ya m'kati imene simungaione muli kunja, ndipo pakapita nthawi zimalukana n'kukhala ngati kachidutswa ka bulangete. Fani imazungulira ndithu, imalira kwambiri, koma mpweya sutuluka.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Fani ikamalira, ikani dzanja pamalo otulukira mpweya. Mukamva mpweya wofunda ukukankha dzanja, njira ndi yotsegula. Mukamva phokoso lalikulu koma mpweya wochepa, njira yatsekeka. Mukapanda kumva phokoso kapena mpweya pomwe kutentha kwadutsa 80, fani yafa kapena waya wake wazuka, pokhapokha ngati laputopu yanu ndi ya mtundu wopanda fani, monga MacBook Air ya purosesa ya M1 ndi zotsatira zake. Fani yolira mokhetemula kapena mokwekwesa yatha pakati pozungulira, ndipo imafunika kusinthidwa. Kuithira mafuta kumangoipatsa milungu yochepa.

Kupemerera mpweya muli kunja kumathandiza ngati fumbi lidakali lochepa. Zimitsani laputopu, zulani tchaja, ndipo gwiritsani ntchito kachitini ka mpweya wopanikizidwa kapena kabulowa ka labala kofinya ndi dzanja, mopemerera pang'onopang'ono mwa kadukaduka. Lowetsani kamtengo ka machesi m'timabowo ta pansi kuti mugwire fani isazungulire, chifukwa mpweya wamphamvu umaizunguza kupyola liwiro lake n'kuiwononga. Musapemerere ndi pakamwa, popeza mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo musapite nayo kwa opopa matayala, chifukwa mpweya wa makina awo ndi wamphamvu mopyola muyezo komanso umatuluka ndi timadzi. Kunena zoona, njirayi ili ndi malire: kabulangete ka fumbi kakakhwima, kupemerera kuchokera kunja kumangokakankhira m'kati mwa fani, kumene kamatha kuigwira kuti isazungulire. Pamenepo palibe kuchitira mwina koma kutsegula.

Musanatsegule, onani ngati laputopu idakali pa walanti, chifukwa ikakhala choncho n'kwanzeru kuibweza kumene munaigula. Fufuzaninso buku la kakonzedwe ka mtundu wanu weniweniwo, pogwiritsa ntchito nambala yolembedwa pansi pa laputopu. Dell, HP ndi Lenovo amaika mabuku otere kwaulere pa mawebusaiti awo, okhala ndi zithunzi zosonyeza sikuluwu iliyonse. Malaputopu ena amatseguka pongomasula chivindikiro cha pansi, pomwe ena, makamaka otchipa akale, amafuna kuchotsa kiyibodi ndi bodi yonse, pamene pamangika purosesa ndi tizida tina, kuti mufike pa fani. Mukaona kuti yanu ndi ya mtundu wachiwiriwu ndipo simunatsegulepo laputopu, pitani nayo kwa wokonza makompyuta.

Mukasankha kutsegula nokha, zimitsani laputopu kotheratu, zulani tchaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka kunja, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi 15 kuti magetsi otsalira athe. Gwirani ntchito patebulo loyera lopanda nsalu, ndipo khudzani chitsulo chachikulu musanagwire za m'kati kuti magetsi a m'thupi achoke. Masikuluwu sakhala ofanana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pamalo a yaifupi imaboola bodi kapena kutumphukira pamwamba, choncho jambulani chithunzi cha pansi pa laputopu papepala n'kumaika sikuluwu iliyonse pamalo ake. Chivindikiro chimagwidwanso ndi timano ta pulasitiki, timene mumatsegula poyendetsa khadi lakale la pulasitiki m'mphepete, osati mpeni. Chikatseguka, jambulani m'katimo ndi foni, ndipo ntchito yoyamba ikhale kuzula kawaya ka batire la m'kati, mokoka pa kamutu kake osati pa mawaya.

Masulani fani, zulani kawaya kake mosamala, ndipo yang'anani pakhomo pa mano a chipeso aja. Nthawi zambiri kabulangeteko kamachoka konse pamodzi mukakakoka ndi zala kapena kachitsulo kopanira. Tsukani mano otsalawo ndi mapiko a fani ndi burashi yofewa youma, monga mswachi umene sunagwirepo ntchito, kenako pemererani mpweya kuchokera m'kati kupita kunja. Mukayang'ana kuwala kudzera m'manomo muyenera kuona mbali ina. Musadabwe mukapezamo mphemvu kapena nyerere zakufa, pakuti tizilomboti timakonda pofunda. Zunguzani fani ndi chala: yabwino imazungulira mopepuka ndi mwakachetechete. Pobwezeretsa, kawaya ka fani ndi kamene anthu amaiwala, ndipo laputopu yotsukidwa bwino imazima msanga kuposa kale ngati fani yake yasiyidwa yosalumikiza.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: thermal paste

Pakati pa purosesa ndi kachitsulo kamkuwa kaja pamapakidwa phala lotuwa lotchedwa thermal paste, limene limadzaza timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kudutse bwino. Pakapita zaka limauma n'kung'ambika ngati dothi la padambo m'chilimwe. Chizindikiro chake ndi ichi: fani ndi yoyera, mpweya ukutuluka wambiri, koma ndi wozizirirako pomwe purosesa ikuonetsa 95, ndipo kutentha kumalumpha ndi madigiri ambiri m'sekondi imodzi mukangotsegula pulogalamu. Izi zikusonyeza kuti kutentha sikukufika ku paipi. Musachotse chitsulocho ngati phala latsopano simunaligule kale, chifukwa chikangotukulidwa phala lakale silingagwirenso ntchito.

Pa chitsulocho pamakhala masikuluwu angapo, okhala ndi manambala pambali. Amasuleni pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kuyambira nambala yaikulu kutsika, ndipo tukulani chitsulo mowongoka osapinda paipi, pakuti paipi yopindika kapena yoboola ndi yotha ntchito. Pukutani phala lakale mbali zonse ziwiri ndi kansalu kosasiya ulusi koviika m'mankhwala otsukira otchedwa isopropyl alcohol wa 90 peresenti kapena kuposa, ndipo dikirani paume. Purosesa ya laputopu ilibe chivindikiro chachitsulo ngati ya kompyuta ya patebulo, kagalasi konyezimira kamene mukuonako ndi purosesa yeniyeniyo, choncho musakapale ndi chitsulo. Ikani phala lalikulu ngati njere ya mpunga, lifalitseni mopyapyala kuti kagalasi konse kaphimbike, ndipo chitani chimodzimodzi pa tchipi cha zithunzi, chimene chimakonza zooneka pa sikirini, ngati chilipo. Timapilo tofewa ta labala timene mungatipeze pa tizida tozungulira tisiyeni pamalo pake, ndipo musatilowetse m'malo ndi phala, chifukwa mpata umene timadzaza ndi waukulu. Mangani masikuluwu motsata manambala kuyambira 1, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chikhale mofanana mbali zonse. Mankhwala otsukira mano, girisi wa galimoto ndi mafuta odzola si thermal paste, ngakhale wina atakuuzani kuti anayesapo.

Ngati fani ili bwino, phala ndi latsopano, koma kutentha sikukutsika, khudzani paipi laputopu ikugwira ntchito, mosamala. Paipi yamoyo imatentha kuyambira ku purosesa mpaka ku mano a chipeso. Ikakhala yotentha pafupi ndi purosesa pokha koma kumapeto kozizira, timadzi ta m'kati tinathawa, ndipo chitsulo chonsecho chiyenera kusinthidwa.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: batire ndi tchaja

Tsegulani Command Prompt, kazenera kolembamo malamulo kamene kamatseguka mukalemba cmd mu bokosi la Windows ndi R, lembani powercfg /batteryreport, ndipo tsegulani fayilo imene yatchulidwayo. Yerekezerani Design capacity, mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano, ndi Full charge capacity, imene likusunga panopa. Batire limene latsala ndi theka kapena kucheperapo limatha kugwa mphamvu mwadzidzidzi purosesa ikafuna magetsi ambiri, laputopu n'kuzima ngakhale chizindikiro chikuonetsa kuti mphamvu ilipo. Malaputopu ogula ogwiritsidwa kale ntchito amakonda kubwera ndi mabatire otere. Yang'ananinso ngati batire latupa: touchpad (poyendetsa chala m'malo mwa mausi) yotumphuka kapena yolimba podina, kiyibodi yokwera pakati, ndi chivindikiro cha pansi chosatsekeka bwino ndi zizindikiro zake. Batire lotupa lisatchajidwenso, lisafinyidwe kapena kubooledwa, ndipo lichotsedwe mwamsanga, chifukwa mabatire a lithium akabooka amayaka moto wovuta kuzimitsa. Kutentha ndi kumene kumafulumizitsa kukalamba kwa mabatirewa, kotero mavuto awiriwa amakonda kuyendera limodzi.

Pa tchaja, werengani zolembedwa pa mawu akuti Output, ndipo chulukitsani mavoti ndi maampu kuti mupeze mawati. Mwachitsanzo 19.5V ndi 3.33A ndi mawati 65, pomwe 19.5V ndi 4.62A ndi mawati 90. Mavoti ayenera kufanana ndi amene alembedwa pansi pa laputopu, ndipo mawati asachepere amene laputopuyo imafuna, ngakhale kuti kuposerapo kulibe vuto. Tchaja ya mawati 45 pa laputopu yofuna 90 imatha kuyatsa ndithu, koma batire likakhala lakufa laputopu imatha kuzima ntchito ikangolemera, ndipo kazimidwe kameneka kamafanana kwambiri ndi ka kutentha. Matchaja achinyengo, amene amapepuka m'manja ndi kutentha mopyola, amachitanso zomwezo ngakhale atalembedwa manambala olondola. Bwerekani tchaja yeniyeni ya mtundu wanu kwa tsiku limodzi kuti muone kusiyana. Laputopu ya batire lakufa imazimanso magetsi a m'nyumba akangophethira kamodzi, kapena posintha kuchoka ku magetsi kupita ku jenereta, ndipo mwini wake sazindikira n'komwe kuti magetsi anaphethira.

Zonsezi zikakanika

Yatsani laputopu n'kulowa mu BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa laputopu imene imayamba Windows isanayake, podina F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena F1 pa ThinkPad, ndipo isiyeni pamenepo kwa ola lathunthu tchaja ili yolumikiza. Mu BIOS Windows imakhala isanayambe, choncho laputopu ikazima ili mmenemo vuto lili m'zida, ndipo kufomata sikungathandize. Ikakhala osazima, yesani RAM polemba mdsched.exe mu bokosi la Windows ndi R, kapena ndi MemTest86 yoikidwa pa fulashi, imene imafufuza mozama ngakhale imatenga maola. Ngati muli timitengo tiwiri ta RAM, yesani kamodzi kokha pa nthawi. Onaninso pa webusaiti ya opanga laputopu yanu ngati pali BIOS yatsopano, chifukwa ndi imene imalamulira nthawi yozungulira fani, koma musaiike pa laputopu imene ikuzimabe mwadzidzidzi, popeza ikazima ili pakati pa ntchitoyo imatha kusayakanso mpang'ono pomwe.

Laputopu imene ikuzimabe kutentha kuli kotsika, batire ndi tchaja zili bwino, RAM yapambana mayeso, ndiye kuti vuto lili pa bodi, kawirikawiri m'tizida togawa magetsi, ndipo imafunika wokonza wokhala ndi zida zoyezera ndi kuwotcherera. Mutengereni pepala lija la nthawi zozimira, manambala a kutentha a poyamba ndi a pambuyo potsuka, pamodzi ndi tchaja yanu, ndipo mugwirizane mtengo ntchito isanayambe. Mukamakaitenga, tsegulani pulogalamu yoyeza kutentha muli pomwepo, yendetsani ntchito imene inkaizimitsa kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo yerekezerani manambala atsopanowo ndi akale aja musanalipire.